Chala cha Mayi Anga

Kunja kwa Kasur, kumene chumuni cha ng'anjo
chimayamba kulavula utsi tambala asanalire,
ndinabadwira m'ngongole.
Ena amabadwa ndi chibadwa pa tsaya,
ine ndinabadwa ndi marupi zikwi makumi asanu
amene agogo aamuna, a Inayat, anakongola
kuti agule nsalu yoyera yokulungira mkazi wawo.

Anadinda chala m'kope la Chaudhry Mansha.
Eni chala anagona kalekale, chalacho chikadali maso.
Chinagwira bambo pakhosi mpaka chifuwa chinawatenga.
Tsopano chaloza ife.

Mayi anga, a Sughra, amaumba njerwa chikwi pa tsiku
atanyonyomala:
dothi m'chikombole, phaa, kutembenuza, kusendeza phazi,
dothi m'chikombole,
mpaka msana unaiwala kuongoka.
Mvula ikasungunula njerwa, mlembi amalembera ife.
Bulu akatsimphina, amalembera ife.
Tsiku limene mlongo wanga anabadwa
analidulanso, ati palibe anagwira ntchito.

Mwezi wokolola tirigu kunabwera Farzana,
loya wamagalasi, nsapato zili mbuu ndi fumbi lofiira.
Anakana mpando wa mlembi, nakhala nafe pa dothi.
Anati munthu si njinga yoti n'kupinyolitsa.
Anati mwendo ndi wa mwini wake, upite kumene wafuna.
Koma kuti khoti likumveni, anatero,
pezani kaye chiphaso chosonyeza kuti mulipo.

Tinazemba Lachiwiri, mlembi ali ku ukwati.
Ku ofesi mzere unafika pa msewu.
Dzuwa litapendeka tinafika pa kagalasi kowala mobiriwira.
Ikani chala, mayi.
Anaika. Kamakina kali duu.
Pukutani. Anapukuta pa mpango.
Cha kumanzere. Chamkombaphala. Kaniso.
Zonse khumi zinapita pa galasi, zonse zinabwerera.
Mnyamata wa pa kompyuta anakanda m'mutu:
Pepani, mizere inafufutika, palibe chikuoneka.

Zaka makumi atatu za dothi
zinanyambita zala mpaka see, ngati mwala wa mumtsinje.

Mayi saseka kawirikawiri. Apa anaseka.
Pokongola paja, anatero, chala chinkaoneka bwinobwino.

Ndalama ya basi inatiperewera, tinayenda.
Tinadutsa sukulu imene sindinalowemo,
chipatala chimene bambo anafera pa khonde,
ndiye mpanda wautali wa khoti.
Mayi anaima. Anayamba kupapasa khoma
ngati wakhungu wofuna khomo.
Njerwa zonse zili ndi zilembo za Chaudhry pamimba,
koma pakona ya imodzi panali kadzenje,
kaja kamatsala ukakankha njerwa ikadali yaiwisi.
Anaikapo chala chachikulu.
Chinalowa ndendende.

Kausar, anandiitana, taona.
Ndine uyu.

Wapolisi wa pa geti anatithamangitsa, ati tikudetsa khoma.

Farzana akuti pali fomu ina ya anthu opanda mizere,
imafuna mboni ziwiri, chidindo ndi kudikira.
Tidikira. Kudikira tinakuphunzira bwino.
Mlembi watidula tsiku lija, waonjezerapo chindapusa.

Koma ine ndatola msomali.
Farzana anandilembera dzina la mayi pa chikwama cha simenti,
ndipo usiku, agalu a Chaudhry akagona,
ndimapita pa mizere ya njerwa zosauma
n'kulemba, kuchokera kumanja kupita kumanzere,
dzanja likunjenjemera: Sughra.
Chilembo chachiwiri chimandivutabe.

Mawa azilowetsa m'ng'anjo.
Moto umene unatiwaula nsidze zaka zonsezi
uumitse dzinalo,
malole alinyamule kupita ku Lahore.
Sindikudziwa khoma limene likakhalemo.
Mwina pulasitala akaliphimba.
Ndalemba makumi anayi ndi ziwiri,
ndipo msomali sunabunthe.